Khofi akununkha ngati tayala lopsa: chasintha n'chakudya kapena ndine?

Funso: Adokotala, miyezi itatu yapitayo ndinadwala chimfine champhamvu, ndipo kwa masiku angapo sindinkamva fungo la chilichonse. Ndinachira, fungo n'kuyamba kubwerera. Koma tsopano zasokonekera. Khofi amene ndamwa kwa zaka zambiri akununkha ngati tayala lopsa, nyama yokazinga ikumveka ngati yowola, mazira ndi anyezi sindikufuna n'kuziyandikira komwe. Kunyumba onse akudya bwinobwino, ndipo akuti ndayamba matama. Ndimamwa mankhwala a BP, komanso mwezi watha ndinamwa metronidazole dzino litandivuta. Kodi chasintha n'chakudya, lilime langa, kapena ndili ndi matenda aakulu? Ndine mayi wodandaula.

Yankho: Mayi, simunayambe matama ayi. Zimene mukumvazo n'zenizeni, ndipo pa zonse mwafotokozazi, ine chala changa chikuloza mphuno. Lilime lanu liyenera kuti lili bwino, ndipo wophika alibe mlandu. Vutoli madokotala amalitchula kuti parosmia. Mphuno imalandira fungo ndithu, koma uthenga umene umafika ku ubongo umakhala wopotoka, moti chonunkhira chimasanduka chonunkha. Limakonda kubwera patapita milungu kapena miyezi munthu atachira chimfine champhamvu kapena COVID-19, ndendende mmene zakuchitikirani inu. Komabe mwatchulanso mankhwala amitundu iwiri ndi dzino, ndipo zimenezo sitingazilumphe, chifukwa nazonso zimasokoneza kakomedwe ka chakudya mwa njira yakeyake.

Ambirife timalipatsa lilime ulemu woposa ntchito yake. Limazindikira zinthu zisanu zokha: kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa, ndi kukoma kwina kumene kumamveka mu msuzi wa nyama, mu bowa ndi mu tomato wakupsa bwino. Kukoma kwachisanuku anakufotokoza koyamba ndi katswiri wa ku Japan, Kikunae Ikeda, mu 1908, ndipo anakupatsa dzina loti umami. Ntchito ya lilime imathera pamenepo. Ngati kusukulu munaona chithunzi chosonyeza kuti nsonga ya lilime imamva zotsekemera zokha, kumbuyo zowawa zokha, chiiwaleni. Chinabwera chifukwa chosamvetsa bwino kafukufuku wina wa ku Germany wa mu 1901. Paliponse pamene pali maselo olawira pamamveka zisanu zonsezi. Maselowo amafa n'kumera ena pafupifupi milungu iwiri iliyonse, n'chifukwa chake lilime likapsa ndi tiyi silichedwa kubwerera mwakale.

Nanga chimasiyanitsa lalanje ndi chinanazi, kapena nyama ya nkhuku ndi ya ng'ombe, n'chiyani? Kwakukulu ndi fungo. Mukamatafuna, kafungo ka chakudya kamakwera kudzera kukhosi, kuseri kwa m'kamwa, n'kukafika pamwamba penipeni m'kati mwa mphuno, pamene pali kachigamba kakang'ono ka mitsempha yomvera fungo. Poti zimenezi zimachitika chakudya chili m'kamwa, ubongo umangoti zonse zachokera pa lilime. Mu 1991 akatswiri a ku America, Linda Buck ndi Richard Axel, anatulukira mmene mitsempha imeneyi imagwirira fungo, ndipo mu 2004 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyo. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya tizigawo tolandirira fungo. Fungo la khofi nalo si chinthu chimodzi. Muli timankhwala touluka mazanamazana, kalikonse kakugunda tizigawo take, ndipo ubongo umasonkhanitsa zonsezo n'kunena kuti uyu ndi khofi.

Zili ngati kwaya. Mawu onse akamveka pamodzi, nyimbo mumaizindikira. Kachilombo kakalowa m'mphuno kamavulaza maselo a pa kachigamba kaja, kwaya yonse n'kukhala duu. Amenewo ndi masiku aja simunkamva fungo lililonse. Mwayi wake ndi woti mitsempha ya fungo ili m'gulu la mitsempha yochepa m'thupi imene imameranso. Koma simerera limodzi. Ina imafulumira, ina imachedwa, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti ina imayamba yalumikizika polakwika. Ndiye oimba ochepa abwerera, akuimba mokweza, anzawo kulibe. Nyimbo ndi yomwe ija koma simungaizindikire, ndipo chimene chimamveka kawirikawiri chimakhala chonyansa: chowola, chopserera, chazimbudzi. Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene parosmia imachedwera kubwera. Imayamba pamene kuchira kwayamba. Kwa ine, munthu amene fungo lapotoka ali pabwino kuposa amene patatha miyezi itatu sakumvabe kalikonse.

Zakudya mwatchulazo sizinandidabwitse. Khofi, nyama yokazinga kapena yootcha, mazira, anyezi, adyo, chokoleti ndi mankhwala otsukira mano ndi zimene odwala a m'mayiko osiyanasiyana amadandaula nazo. Zambiri ndi zokazinga, zootcha, kapena zokhala ndi sulufule. Gulu la Jane Parker pa yunivesite ya Reading ku England linalekanitsa fungo la khofi n'kumanunkhiza odwala timankhwala take kamodzikamodzi. Anapeza kuti si fungo lonse la khofi limene limanyansa. Ndi timankhwala towerengeka tamphamvu kwambiri, makamaka kotchedwa 2-furanmethanethiol, kamene mphuno imakamva ngakhale katachepa chotani. Kwa munthu amene mphuno ili bwino, kameneka ndi kamene kamapatsa khofi kafungo kokazingika kosangalatsa kaja. Kakamveka kokha popanda anzake, ndiye tayala lanu lija.

Musanapite kulikonse, pali choti muyese kunyumba. Tengani makapu anayi. M'kapu yoyamba sungunulani shuga m'madzi, m'yachiwiri mchere, m'yachitatu finyiranimo ndimu, ndipo m'yomaliza muthire khofi wowawa wopanda shuga. Tsinani mphuno ndi zala, muzilawa kapu imodziimodzi, mukuchukucha m'kamwa ndi madzi musanalawe ina. Mukazindikira zinayi zonse, lilime lili bwino. Kenako mwaninso khofi uja mphuno ili yotsina, ndipo musiye mphunoyo khofiyo akali m'kamwa. Ngati kunyansako kukutulukira pomwe mwasiya mphuno, wopalamula mwam'gwira. Koma ngati m'kamwa mukumveka chitsulo, kuwawa kapena mchere nthawi zonse, musanadye kanthu, mphuno ili yotsina, imeneyo ndi nkhani ina. Gwero lake limakhala m'kamwa momwemo, m'malovu kapena m'magazi.

Mankhwala anu akulowera pamenepa. Metronidazole ndi wodziwika kwambiri pa khalidwe limeneli. Akalowa m'magazi, ena amatulukira m'malovu, choncho lilime limakhalira kuwalawa tsiku lonse, ndipo chilichonse chimamveka chitsulo. Koma zimatha pakangopita masiku ochepa munthu atamaliza kumwa. Inu munamwa mwezi watha, ndiye sindikuwaganizira kwenikweni. A BP aja ndi amene muyenera kuwaona dzina. Captopril ndiye wotchuka posokoneza kulawa, ndipo anzake a m'gulu lomwelo, monga enalapril, amatero mwa apo ndi apo. Mankhwala okodzetsa amaumitsa m'kamwa. Dzifunseni ngati mtundu kapena mlingo unasinthidwa milungu ingapo vutoli lisanayambe. Ngati mwamwa omwewo kwa zaka popanda chovuta, n'zokayikitsa kuti ayambe lero. Mulimonse mmene zilili, musasiye kumwa panokha. BP ikasiyidwa imabweretsa sitiroko, ndipo sitiroko sitingaiyerekeze ndi khofi wonunkha. Zikaoneka kuti ndi mankhwalawo, dokotala ali ndi ena oti akusinthireni.

Poti munali kwa dokotala wa mano, ndifunseko: anakupatsani mankhwala ochukucha m'kamwa a chlorhexidine? Amenewo amachepetsa mphamvu yomva mchere ndi zowawa, ndipo munthu akawagwiritsa ntchito nthawi yaitali amadabwa chakudya chonse chikuzizira ngati sanathire mchere. Mankhwala ochita zoterezi ndi ambiri. Clarithromycin amawawitsa m'kamwa. Metformin wa matenda a shuga ndi mapiritsi a ayironi amabweretsa kachitsulo. Zopiclone, wogonetsa tulo, amadzutsa munthu m'kamwa muli mowawa. Paxlovid, amene amaperekedwa kwa odwala COVID-19, anatchuka ndi zomwezo. Terbinafine, wa mafangasi a m'zikhadabo, amatha kuzimitsiratu kulawa, ndipo kumatenga milungu kuti kubwerere munthu atasiya. Acetazolamide ali ndi kachilendo kake: zakumwa za gasi zimamveka zosukuluka. Amene akulandira mankhwala a khansa, kapena kuwotchedwa ndi makina kumutu ndi kukhosi, amavutika kwambiri kuposa onsewa.

Dzino lenilenilo musaliiwale. Nkhama zotupa, dzino lobooka kapena kathumba ka mafinya zimadontheza zoipa m'kamwa pang'onopang'ono, ndipo timagazi ta m'nkhama timamveka chitsulo. Yang'ananinso lilime pagalasi. Zoyera zomatirira pa lilime ndi m'masaya, zimene mukazipala pansi pake pamafiira, ndi fangasi, ndipo amakonda kubwera munthu atangomwa mankhwala opha mabakiteriya, kapena ngati ali ndi shuga, kapena chitetezo cha m'thupi chatsika. Malovu akachepa kulawa kumachepanso, chifukwa chakudya chimayenera kusungunuka kaye kuti lilime lichimve. Chilungulira chimakweza asidi kukhosi, munthu n'kumadzuka m'kamwa muli mowawasa. Pathupi, makamaka miyezi itatu yoyamba, pamasintha fungo ndi kakomedwe moti mayi amadana ndi chakudya chimene ankachikonda. Kuchepa kwa zinc, ayironi kapena vitamini B12 kumatero, ndipo impso zikafooka kwambiri munthu amamva chitsulo n'kudana ndi nyama. Ngakhale khutu lili ndi mbali yake. Mtsempha umene umanyamula uthenga wa kulawa kuchokera kutsogolo kwa lilime umadutsa m'kati mwa khutu, kuseri kwa ng'oma yake, moti matenda aakulu a m'khutu kapena opaleshoni ya khutu zimatha kusokoneza kulawa mbali imodzi ya lilime.

Kwa inu, Mayi, mboni zoti chakudya sichinasinthe ndi anthu a m'nyumba mwanu omwewo. Koma kwa ena amene chakudya chimodzi chokha ndi chimene chasintha, ndipo anzawo akumvanso chimodzimodzi, mlandu umakhala wa chakudyacho. Mafuta ophikira, mtedza ndi ufa zikakhalitsa pa dzuwa kapena potentha, mafuta ake amawonongeka n'kuyamba kuwawa ndi kafungo ka penti. Batala ndi mkaka zimayamwa fungo la zinthu zoyandikana nazo mu firiji. Tomato akakhalitsa mozizira kwambiri amasiya kupanga timankhwala tambiri tomupatsa fungo, n'chifukwa chake wa mu firiji amangomveka madzi. Kutentha nako kumasintha zinthu: chotsekemera chimatsekemera kwambiri chikafunda, moti ayisikilimu wosungunuka amalaka msanga. Makampani nawo amasintha kapangidwe ka zinthu zawo, nthawi zambiri osalengeza. Amene analengeza ndi a Coca-Cola mu 1985, ndipo anthu anakwiya moti pasanathe miyezi itatu chakumwa chakale chinabwezeretsedwa.

Nthawi zina wosokoneza ndi chimene mwadya poyamba. Mukamwa madzi a malalanje mutangotsuka mano, amawawa, chifukwa chochititsa thovu m'mankhwala otsukira mano ambiri, sodium lauryl sulfate, chimaphimba kutsekemera n'kusiya kuwawa poyera. Ku West Africa kuli kachipatso kofiira kokhala ndi chinthu chotchedwa miraculin. Mukakatafuna, ndimu amatsekemera kwa kanthawi. Njere za mitengo ina ya paini zimachita zosiyana: patapita tsiku limodzi kapena awiri munthu atazidya, chilichonse chimayamba kuwawa, ndipo zimatha kukhala choncho mpaka milungu iwiri kapena kuposerapo, kenako n'kutha zokha. Palinso kuzolowera. Munthu akachepetsa mchere kwa milungu ingapo, chakudya chimene kale ankachiona chabwinobwino chimayamba kumuwawira mchere. Wosiya fodya nayenso amadabwa zakudya zikumveka mwamphamvu kuposa kale.

Tibwerere kwa inu. Piritsi lochiza parosmia palibe, ndipo aliyense wokugulitsani lotero akukudyerani ndalama. Chimene chili ndi umboni ndi kuphunzitsa mphuno. Njira imeneyi anaiyesa ndi Thomas Hummel ndi anzake ku Dresden, m'dziko la Germany, ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 2009. Odwala ankanunkhiza mafungo anayi, la duwa la rozi, la bulugamu, la ndimu ndi la zokometsera zotchedwa clove, kawiri pa tsiku kwa milungu 12, ndipo amene anayamba kumva fungo bwino anachuluka m'gulu limeneli kuposa m'gulu la amene sanachite zimenezi. Simukufunika zinthu zodula. Sankhani zinthu zinayi za fungo lodziwika bwino kwa inu, muziike m'timabotolo totseka, ndipo m'mawa ndi madzulo muzinunkhiza chilichonse kwa masekondi 20, modekha, osakoka mpweya mwamphamvu. Pomwe mukununkhiza, muzikumbukira mmene chinthucho chinkamvekera kale. Kukumbukirako n'kofunika, chifukwa wophunzira si mphuno yokha, ubongo nawo ukuphunzira. Pitirizani kwa miyezi ingapo. Sikuti n'zozizwitsa, zimangothandizira kuchira kumene kwayamba kale. Ambiri amapeza bwino pakapita miyezi, ena zimawatengera chaka kapena kuposerapo, ndipo pamakhala masiku ena obwerera m'mbuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mankhwala opopera m'mphuno a steroid amathandiza ngati mphuno ili yotseka, yotupa, kapena muli tinyama tomera m'kati, koma sameretsa mitsempha. Zinc amathandiza munthu amene zinc wamuchepera m'thupi. Kumwa wambiri kwa nthawi yaitali kumachepetsa kopa m'thupi n'kuvulaza mitsempha, ndipo wothira m'mphuno ndiye musamuyerekeze n'komwe: mu 2009 bungwe la FDA ku United States linachenjeza anthu za mankhwala a chimfine a zinc opaka m'mphuno, anthu ambiri atadandaula kuti asiya kumva fungo. Zomwe zimayenda pa intaneti, monga kudya lalanje lootcha, sizipweteka koma sizichiza.

Pakadali pano muyenera kudya, ndipo apa ndi pamene ndimadera nkhawa kwambiri odwala otere, chifukwa ena amaonda zenizeni. Chakudya chotentha chimatulutsa fungo lambiri, choncho chisiyeni chizizire kaye. Chowiritsa chimapiririka kuposa chokazinga kapena chootcha. Mpunga, mbatata, buledi wosawotcha, yogati ndi zipatso zina zimadyeka kwa ambiri. Ngati nyama ndi mazira zakanika, pezani zomanga thupi mu nyemba, mkaka kapena tchizi. Pokazinga anyezi tulukani m'khitchini, mawindo akhale otsegula. Mankhwala otsukira mano akakunyansani, sinthani mtundu, koma osasiya kutsuka. Gwiritsani ntchito zimene zikugwirabe: kuwawasa kwa ndimu, kukhutchuka kwa chakudya potafuna, ndi kuyabwa kwa tsabola, kumene kumayenda mu mtsempha winawina wosakhudzana ndi fungo. Chimene sindikufuna muchite ndi kuwonjezera mchere pofuna kuti chakudya chimveke. Ambiri amagwa pamenepa, ndipo inu muli ndi BP. Zakudya zimene zikukunyansani lero muziziyesanso pang'ono pakapita milungu ingapo, poti mndandanda wake umasintha.

Dziwaninso kuti mphuno yanu pakadali pano si mlonda wodalirika. Ikunena kuti nyama yabwino yawola, ndiye tsiku limene idzawoledi simudzasiyanitsa. Muziona madeti pa mapaketi, muzifunsa wina akununkhizireni mkaka ndi zotsala, ndipo ngati mumaphikira gasi muzionetsetsa ndi maso kuti mwatseka. A m'nyumba mwanu awerengereni yankho lino. Kudya ndi anthu chikhalirecho iwe ukumva zowola kumasungulumwitsa, ndipo odwala ena amafika pokhumudwa kwambiri. Zikafika pamenepo, muuzeni dokotala. Ndi mbali ya matendawo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho musadikire kuti a kunyumba avomereze kaye musanapite kuchipatala. Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira mawa. Kulawa kapena kumva fungo kukasintha mwadzidzidzi limodzi ndi kupotoka kwa pakamwa, kufooka kwa dzanja kapena mwendo mbali imodzi, kulephera kulankhula bwino kapena mutu waukulu wodzidzimutsa, thamangani nthawi yomweyo. Fungo lachilendo lobwera kwa masekondi ochepa popanda chonunkha, kenako munthu n'kungoti kakasi osadziwa zimene zikuchitika, likhoza kukhala mtundu wa khunyu. Pitaninso msanga ngati mphuno imodzi yokha yatseka kwa nthawi yaitali ndipo ikutuluka magazi, ngati m'kamwa muli chilonda chimene chatha milungu itatu osapola, ngati mukuvutika kumeza, mukuonda, kapena ngati zonsezi zinayamba mutavulala kumutu. Kwa achikulire, fungo limachepa pang'onopang'ono ndi ukalamba, makamaka kupyola zaka 60, koma likazimiririka popanda chimfine chilichonse, n'kuphatikizapo kunjenjemera kwa manja kapena kuiwalaiwala, dokotala ayenera kuganizira matenda a Parkinson kapena a Alzheimer. Inu simunatchule chilichonse mwa zimenezi, ndipo nkhani yanu ili ndi poyambira poonekeratu, chimfine chija.

Komabe kaonaneni ndi dokotala m'milungu ikubwerayi. Tengani mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ogula nokha ndi azitsamba omwe, ndipo mukanene mwezi umene munadwala chimfine, nthawi imene fungo linapotoka, ndi zimene mwapeza poyesa makapu anayi aja. Akakuoneni m'mphuno, m'kamwa ndi m'makutu, akuyezeni shuga, magazi ndi impso, poti munthu wa BP amayenera kuyezedwa impso nthawi ndi nthawi. Ngati dzino lija likupwetekabe kapena nkhama zikutuluka magazi, bwererani kwa dokotala wa mano. Pakatha miyezi ina itatu mukuphunzitsa mphuno popanda kusintha kulikonse, pemphani kuti akutumizeni kwa dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero kuti akaone m'kati mwa mphuno ndi kakamera.